NJINGA YA MLIMI: GULANI YA DZINJA, OSATI YA CHILIMWE

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, alimi ambiri a m'maboma a Chipata, Chipangali, Kasenengwa, Chadiza ndi Vubwi amayamba kulingalira za njinga yatsopano. Yakale ija yatopa, felemu yake yawotcheredwa kawiri kapena katatu, ndipo ndalama za mtedza, soya, thonje kapena chimanga zili m'thumba. Maganizo otere ndi abwino, pakuti njinga ndiyo imatifikitsa ku munda wakutali, ku chigayo, ku msika, ku chipatala ndi ku ntchito ya m'tauni. Komatu pali msampha umodzi umene umakola anthu chaka ndi chaka. Njinga timagula mu July kapena August, pamene misewu ili youma ndipo njinga iliyonse imathamanga bwino. Mayeso ake enieni amadza mu January ndi February, pamene matope ali ponseponse ndipo ndalama zatha. Chifukwa chake uphungu wathu ndi uwu: posankha njinga musayang'ane msewu wa lero, kumbukirani msewu wa February.

Yambani mwawerenga ulendo wanu

Musanapite ku sitolo khalani pansi, muwerenge ulendo umene njingayo idzayenda. Tiyerekeze munthu wokhala makilomita 10 kunja kwa Chipata, amene amapita ku ntchito kapena ku msika wa Kapata masiku 6 pa sabata. Pa tsiku amapalasa makilomita 20, pa sabata 120, ndipo pa masabata 50 amakwanitsa makilomita 6,000. Mtunda umenewu uposa maulendo asanu opita ku Lusaka ndi kubwerako. Kodi njinga imene mwaisirira ingapirire ulendo wotere?

Ganizirani za msewu. Msewu waukulu wa Great East wopita ku Katete ndi ku Mwami, ndiponso wa ku Lundazi ndi wa ku Mfuwe, ndi ya tala. Koma ndi ochepa amene nyumba zawo zili m'mbali mwa tala. Ambiri amayamba ndi njira ya fumbi, kuwoloka dambo, kudutsa mchenga, kenaka kukwera zitunda, pakuti dziko lozungulira Chipata ndi la mapiri. Ganiziraninso za katundu. Thumba la feteleza kapena la chimanga limalemera makilogalamu 50, ndipo tsiku lina kumbuyo kudzakhala munthu wodwala.

Mitundu inayi ya njinga

Woyamba ndi njinga yakuda yachikale, ya matayala a mainchesi 28 ndi mabuleki a zitsulo. Makolo athu ankakwera Raleigh, Humber ndi Hercules zochokera ku England. Pa nthawi ya boma la a Kenneth Kaunda fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle mu Chipata momwemuno. Masiku ano zambiri za mtundu umenewu zimachokera ku India ndi ku China, monga Hero, Avon ndi Phoenix. Ubwino wake ndi wakuti mtengo wake ndi wotsikirapo, masipeya ake amapezeka ngakhale m'timasitolo ta ku midzi, ndipo wokonza njinga aliyense amaidziwa. Kuipa kwake ndi kwakuti mabuleki ake amagwira pa limu, tsono limu ikanyowa njinga imachedwa kuima. Zinanso zimadza ndi kaliyala wofooka ndi masipoko opyapyala.

Wachiwiri ndi Buffalo. Njinga imeneyi inakonzedwa ndi bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, ndipo anaipangira misewu ya ku midzi. Felemu yake ndi ya chitsulo chochindikala, ndipo kaliyala wake anapangidwa kuti anyamule makilogalamu 100. Buleki yake ya kumbuyo ili m'kati mwa habu. Imagwira mukabweza mapedulo m'mbuyo, kotero mvula ndi matope siziisokoneza. Koma dziwani kuti ndi yolemera pokwera chitunda, mtengo wake ndi wokwerapo, ndipo matayala ake ndi a mainchesi 26, salowana ndi a njinga yakuda ija. Dziwaninso kuti buleki yotere imadalira tcheni: tcheni ikachoka, buleki nayonso yapita.

Wachitatu ndi njinga ya magiya, ya matayala okhala ndi mano. Pa zitunda imathandiza kwambiri, ndipo yabwino ndi yabwinodi. Koma zotsika mtengo za mtundu umenewu n'zimene zimaliza anthu ambiri. Kachitsulo kosintha magiya kamalendewera pafupi ndi nthaka, kamadzaza matope ndi udzu, ndipo kakapindika pang'ono tcheni imayamba kudumpha. Zambiri sizikhala ndi madigadi kapena kaliyala. Masipiring'i onyezimira amene amaikidwa pa zina angowonjezera kulemera ndi malo othyokera.

Wachinayi ndi njinga ya mpikisano, yopepuka, ya matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi. Pa tala palibe yoiposa liwiro. Koma mumchenga imatitimira, pa miyala imaphulika machubu, ndipo malimu ake sapirira katundu. Imayenera kalaliki kapena mphunzitsi amene ulendo wake wonse ndi wa pa tala, wonyamula kachikwama chabe. Kwa mlimi ndi kutaya ndalama.

Mtengo weniweni wa njinga

Mtengo wa njinga si umene mumalipira tsiku logula lokha. Muwonjezepo matayala, machubu, masipoko, tcheni, ndalama za wokonza, ndi masiku amene mudzayenda pansi poyembekeza sipeya. Tiyerekeze njinga ziwiri, ina yokwera mtengo kawiri kuposa inzake. Ngati yotsika mtengo itha pa chaka chimodzi ndipo inzakeyo ikhala zaka zinayi, ndiye kuti wogula yotsika mtengo walipira kawiri kuposa mnzake pa zaka zinayizo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto wowala ndi zilembo zokongola sizinyamula thumba.

Tsono funsani anthu amene amadyera pa njinga. Anyamata onyamula anthu m'misewu ya Chipata, onyamula makala, ndi okonza njinga pansi pa mitengo amadziwa mtundu umene umabwera kawirikawiri wothyoka. Funso lofunika koposa ndi ili: tayala, tcheni kapena habu ya njinga iyi ikawonongeka, ndidzaipeza kuti? Ngati yankho ndi lakuti ku Lusaka kapena ku Lilongwe kokha, isiyeni. Kumbukiraninso kuti felemu ya chitsulo ikang'aluka, wowotcherera wa pa msika angathe kuilumikiza, koma ya aluminiyamu imafuna makina amene ambiri alibe.

Musathere ndalama zonse pa njinga yokha. Pa makwacha 10 alionse patulani kwacha imodzi yogulira pampu, zigamba, masipana, girisi, loko, belu, nyale ndi chubu chapadera.

Mukafuna kugula yogwirapo kale ntchito

Njinga yabwino yakale iposa yatsopano yofooka, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Iyang'aneni masana, itatsukidwa, ndipo muchite izi:

1. Onani felemu pafupi ndi khosi la mahandulo. Utoto wokwinyika kapena wosweka pamenepo usonyeza kuti njingayo inagundapo. Utoto watsopano pa malo amodzi okha ukhoza kubisa mng'alu.

2. Igwireni pa chishalo ndi kuikankha pa malo osalala. Ikamapatukira mbali imodzi, foloko kapena felemu ndi yopindika.

3. Nyamulani gudumu, mulizunguze. Liyenera kuzungulira mowongoka, popanda phokoso. Ligwedezeni cha m'mbali. Likamagwedera, za m'kati mwa habu zatha.

4. Finyani masipoko awiriawiri. Onse akhale olimba mofanana, ndipo pasakhale osowa.

5. Yang'anani mano a gudumu la tcheni. Mano osongoka ngati minga atanthauza kuti posachedwa mudzagula tcheni ndi magudumu ake omwe.

6. Gwedezani mapedulo, muyese mabuleki, ndipo muone ngati chishalo chimakwera ndi kutsika.

7. Lembani nambala ya pa felemu. Wogulitsa alembe kalata ya malonda pamaso pa mfumu ya mudzi kapena mboni ziwiri. Njinga ikapezeka kuti ndi yakuba, mudzataya njinga ndi ndalama zomwe.

Njinga ikuyeneni

Njinga yaikulu kapena yaing'ono kuposa msinkhu wanu imapweteketsa mawondo ndi msana. Khalani pa chishalo, muike chidendene pa pedulo ili pansi. Mwendo uyenera kukhala wowongoka popanda kupendeketsa chiuno. Ngati mayi wa pa nyumba ndi ana a sukulu adzakweranso, kambiranani musanagule. Njinga yopanda mtanda wa pamwamba ndi yosavuta kwa munthu wovala chitenje, ndipo njinga imene banja lonse lingathe kukwera imagwira ntchito yambiri.

Mukagula, musafulumire kusenza katundu

Njinga zambiri zatsopano zimafika m'mabokosi, ndipo zimamangidwa mofulumira ndi girisi wochepa. Pitani nayo kwa wokonza wodalirika kuti aike girisi m'mahabu, m'khosi ndi pakati pa mapedulo, amange manati onse ndi kulimbitsa masipoko. Pakapita masabata awiri mubwerere nayo, chifukwa masipoko atsopano amakhwefuka. Ngati kaliyala ndi wofooka, musintheni nthawi yomweyo.

Mvula ikayamba mu November, chotsani matope madzulo alionse, mupukute tcheni ndi kuidontheza oilo pang'ono. Musamize njinga mu mtsinje poitsuka, pakuti madzi amalowa m'mahabu ndi kuchotsa girisi. Popani matayala mokwanira, chifukwa tayala lofewa limatsina chubu pa miyala. Usiku isungeni m'nyumba. Potsika chitunda kukugwa mvula yambani kugwira mabuleki msanga. Pa msewu waukulu yendani ku dzanja lamanzere, ndipo mdima ukagwa mukhale ndi nyale kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, pakuti malole a pa Great East ndi ambiri.

Alimi anzathu, chakudza sichiimba ng'oma. Mwana amadwala usiku wa mvula, ndipo feteleza wachiwiri amafunika pamene milatho ina yamira. Sankhani njinga yolimba, yosavuta kukonza, ya masipeya a pafupi. Ngati ndalama za chaka chino sizikwanira yotere, ndi bwino kukonza yakale ija ndi kusunga zotsalazo kufikira kukolola kwina, kusiyana ndi kugula chonyezimira chimene chidzakusiyani m'matope.