Mfuti imodzi ya kutchire ndi ya m'thumba, zimatheka?

Ku America kuli mtsutso umene sutha pakati pa eni mfuti, ndipo ine ndakhala ndikuutsata ngati mpira. Munthu ali ndi ndalama zokwana mfuti imodzi basi. Akufuna kuti mfutiyo azikasakira agwape nyengo yosaka ikafika, komanso aziyenda nayo m'chiuno tsiku ndi tsiku podziteteza. Agule iti? Ambiri amamulozera ku revolver, mfuti ya dzanja limodzi ija timaiona m'mafilimu a makaboyi, yokhala ndi kachigubu kozungulira momwe mumakhala zipolopolo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi.

Kwa ife kuno funsoli likumveka lachilendo, poti mlenje wa kwathu timamudziwa ndi agalu, uta, mwinanso gogodela wa agogo. Koma kumeneko kuyenda ndi mfuti ndi nkhani ya malamulo aakulu a dziko. Mu 2008 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula pa mlandu wa Heller kuti munthu ali ndi ufulu wosunga mfuti ya m'manja pakhomo pake, ndipo mu 2022, pa mlandu wa Bruen, lidati ufuluwo umafikanso kunja kwa nyumba. Lero zigawo zoposa theka la zigawo 50 za dzikolo zimalola munthu wamkulu kubisa mfuti m'chovala popanda chiphaso chapadera.

Nanga bwanji revolver, chipangizo chakale chonchi? Samuel Colt adalembetsa luso lake mu 1836, koma mpaka pano sichidachoke pamsika. Chifukwa chake n'chosavuta. Chipolopolo chikakana kuphulika, mwini amangokokanso chala, kachigubu n'kuzungulira kubweretsa china. Mfuti za magazini zimadalira mphamvu ya chipolopolo chomwe chaphulikacho kuti zilowetse chotsatira, ndiye zikatsamwa zimafuna manja awiri ndi mtima wodekha. Revolver imalandiranso zipolopolo zamphamvu kwambiri zimene mfuti zambiri za magazini sizingapirire, n'chifukwa chake alenje amaikonda. Kuipa kwake n'koti zisanu ndi chimodzi zija zikatha, kuikamo zina kumatenga nthawi.

Vuto limayambira pa mpope wa mfutiyo. Wonga umafuna mtunda woti upsere ukukankha chipolopolo. Mpope ukakhala wautali, chipolopolo chimatuluka ndi liwiro lalikulu, ndiponso kuchalira kumaphweka chifukwa zolozera zakutsogolo ndi zakumbuyo zimatalikirana. Mlenje ndiye amafuna mpope wa mainchesi 6, omwe ndi masentimita 15, kapena kuposa apo. Koma tangoganizani munthu ali pa desiki kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chitsulo cholemera kuposa paketi ya shuga chili m'chiuno, mpope ukumubaya pantchafu. Sabata siyitha asanachisiye kunyumba.

Woyenda nayo amafuna zosiyaniratu. Mu 1950 kampani ya Smith & Wesson idatulutsa Chiefs Special, kamfuti ka zipolopolo zisanu ka mpope wa mainchesi awiri, ndipo zidzukulu zake monga Model 642 sizikwana ndi theka la kilogalamu lomwe. Kamalowa m'thumba la jekete osaoneka. Koma kupepukako kuli ndi mtengo wake: mphamvu yonse ya kuphulika imabwerera m'dzanja la wowombayo, ndipo kamfuti kotere n'kovuta kulasa nako chinthu chimene chili patali. Kupita nako kotsata gwape n'kungofuna kuvulaza nyama, ikafere m'tchire patatha masiku atatu.

Apa mpamene dzina la .357 Magnum limatulukira. Chipolopolochi chidabwera mu 1935, ndipo kwenikweni ndi .38 Special chomwe adachitalikitsa pang'ono n'kuchipatsa mphamvu zambiri. Kutalikako kudali kwadala, kuti munthu asachilowetse m'mfuti yakale ya .38 imene ingathe kuphulikira m'manja. Koma mfuti ya .357 imalandira zonse ziwiri. Mwini angathe kuphunzirira ndi .38 Special, zotsika mtengo ndi zofatsa, n'kusunga zamphamvuzo kuti zikagwire ntchito kutchire. N'chifukwa chake amene akakamira mfuti imodzi amauzidwa kuti agule .357 ya mpope wa mainchesi 4, monga Ruger GP100 kapena Smith & Wesson 686, zomwe zimalemera kilogalamu ndi kakuti.

Ine pamenepa sindikhutira kwenikweni. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Mfuti ya mainchesi 4 ndi yaikulu kubisa pansi pa shati m'chilimwe, komanso ndi yaifupi pa ulenje weniweni. Alenje odziwa amalangiza kuti ndi .357 gwape asapitirire mamita 50 kapena cha pamenepo, ndipo ngakhale pamtunda umenewo pamafunika munthu amene watha mabokosi ambiri a zipolopolo akuphunzira. Malamulo nawonso amalowererapo. Ku Ohio, mfuti ya m'manja yosakira agwape imayenera kukhala ndi mpope wosachepera mainchesi 5, ndiye GP100 ya mainchesi 4 ija yagwa kale mayeso. Woyandikana naye, Indiana, amalola mainchesi 4. Mfuti yomweyo, malire amodzi, kuno mlenje, uko wopalamula.

Amene mtima wawo uli kutchire amadumphira ku .44 Magnum. Idatuluka pakati pa zaka za m'ma 1950, mlenje komanso mlembi Elmer Keith atalimbikira kwa zaka zambiri kuti makampani apange chipolopolo champhamvu chotere. Idatchuka zedi mu 1971 pamene Clint Eastwood adaigwira mufilimu ya Dirty Harry, moti anthu adakhamukira m'masitolo kufuna Model 29. Nkhani imene imakambidwa mpaka lero ndi yoti ambiri mwa iwo atangoiwomba kangapo adaibweza, poti mmene imamenyera m'dzanja si masewera. Pa nguluwe ndi agwape akuluakulu ndi yabwino, ndipo ku Alaska anthu amainyamula poopa zimbalangondo. Koma m'tauni chipolopolo chotere chingathe kuboola chimene walasa, n'kuboolanso khoma, n'kukapeza mwana wa eni ake chipinda chinacho. Za .500 Magnum ya mu 2003, yolemera pafupifupi makilogalamu awiri, tisachite kunena. Imeneyo si ya m'chiuno.

Pali tina ting'onoting'ono timene mafilimu satiuza. Pakati pa kachigubu ndi mpope pali kampata, ndipo mfuti ikalira pamatuluka moto ndi mpweya wotentha wokwana kung'amba chala cha munthu amene wagwira molakwika. Phokoso la Magnum popanda zotseka m'makutu limasiya kulira m'khutu kumene kwa ena sikuthanso. Ma revolver akale a mtundu wa makaboyi ankatha kulira okha akagwa pansi, choncho eni ake ankaikamo zipolopolo zisanu, malo achisanu ndi chimodzi n'kuwasiya opanda kanthu. Kampani ya Ruger idasintha kapangidwe ka mfuti zake zoterezi mu 1973 pofuna kutseka vutoli, koma zakalezo zikadagulitsidwabe ngati kaunjika.

Chimene chimandidabwitsa pa mtsutso wonsewu n'choti anthu amatha maola akukangana za mainchesi, koma za kabati yokhoma amangodutsapo. Ziwerengero za bungwe la boma loona za matenda la CDC zikusonyeza kuti mu 2021 anthu oposa 48,000 adafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka mwa iwo adadzipha okha. Kuphweka kuja timayamikira pa revolver, koti ungokoka chala basi, n'komwenso kumaipangitsa kukhala yoopsa m'nyumba momwe muli mwana wachidwi kapena bambo amene ngongole zamufika pakhosi. Mfuti ya ulenje imagona m'kabati miyezi yambiri, yopanda zipolopolo. Ya tsiku ndi tsiku imakhala yodzaza nthawi zonse, pambali pa bedi, m'galimoto, m'chikwama. Munthu akati mfuti imodzi igwire zonse, ndiye kuti wasankha kuti mfuti yamphamvu yophera nyama izikhala yodzaza pabalaza. Kwa ine, amene akufunadi nyama agule mfuti yaitali, imene imalasa bwino ndi kupha msanga, nkhani yodziteteza aiganizire payokha, mofatsa.

Maiko ena funsoli adaliyankha kale m'malamulo. Ku Britain, munthu wina atapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya ku Dunblane mu 1996, boma lidaletsa pafupifupi mfuti zonse za m'manja chaka chotsatira. Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 lidalekanitsa zinthu ziwirizi: chiphaso cha mfuti yodzitetezera n'china, cha mfuti imodzi yokha ndipo chimatha pakapita zaka zisanu, pamene cha ulenje n'chinanso. Abale athu a ku Joni amene umbava wawatopetsa adziwe kuti wopempha amayenera kukhala nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Yogula pakona, ngakhale itchipe bwanji, ndi ndende.

Kuno kwathu chiphaso cha mfuti chimachokera ku polisi, ndipo kukhala nacho sikupatsa munthu ufulu wokasaka paliponse. Ku Liwonde, ku Kasungu ndi ku Majete nyama n'zotetezedwa, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere angathe kukakhala kundende zaka zofika 30.