Maluwa pachifuwa cha mwamuna

Kwathu kuno mwamuna akafuna kuoneka wolemekezeka, kaya ndi ku ukwati, kutchalitchi kapena kokafunsira ntchito, amathamangira suti yakuda. Ambiri timayesa kuti Azungu akhala akuvala chomwechi kuyambira makedzana, ndipo kuti maluwa ndi a amayi. Koma mbiri ya wesikoti, kamalaya kopanda manja kovala m'kati mwa jekete, imanena zina.

Chovalachi chinakhazikika ku England mu 1666, mfumu Charles II itayamba kuchivala pamodzi ndi akuluakulu a kubwalo kwake. Pofika m'zaka za m'ma 1700, makamaka ku France, kutsogolo kwa wesikoti kunkachita kudzaza maluwa. Mmisiri ankayamba wawajambula papepala ndi utoto. Kenako opeta nsalu, ambiri mwa iwo a mumzinda wa Lyon wotchuka ndi silika, ankawasoka pamanja pansalu yosadula, potsata mzere wa mabatani, pa zivundikiro za matumba ndi m'mphepete mwa m'munsi. Wogula ankasankha nsalu yopetedwa kale, telala n'kuidula molingana ndi thupi lake. Kumsana ankangoikako nsalu wamba, poti jekete inkabisa. Lusoli linali lolemekezeka moti Charles-Germain de Saint-Aubin, wojambula zopeta wa mfumu Louis XV, analilembera buku lathunthu mu 1770. Ovala maluwawa anali amuna a mphamvu: nduna, akazembe ndi amalonda olemera.

Anthu a ku France ataukira ufumu mu 1789, zovala zonyezimira zinayamba kuoneka ngati chizindikiro cha odyera anzawo masuku pamutu. Ku London nako, Beau Brummell anatchukitsa zovala zosalala zopanda zokometsera. Pang'onopang'ono maluwa anachoka pachifuwa cha mwamuna. Suti imene amishoni ndi atsamunda anafika nayo kuno inali yosalala chomwecho, ndipo ife tinailandira ngati mulingo wa ulemu.

Chonsecho makolo athu sankaopa kudzikongoletsa. Mngoni povina ingoma amavala nthenga, mikanda ndi zikopa, ndipo palibe amene amakayikira umuna wake. Asilamu a ku Mangochi ndi Machinga amapita kumzikiti atavala kofia yopetedwa mwaluso. Masiku ano, likafika Lachisanu, abambo ambiri m'maofesi a ku Lilongwe ndi Blantyre amavala malaya a chitenje a maluwa owala. Ku Lyon wesikoti ya maluwa ija inali ya opeza bwino okha. Kuno chitenje chimadindidwa kufakitale, ndipo mphunzitsi ndi bwana angathe kusoketsa kwa telala mmodzi wa pakhonde la sitolo. Pamenepa Azungu tawaposa.

Pamene atisiya kumbuyo ndi pa kusunga. Mawesikoti aja pamodzi ndi mapepala a zojambula akadalipo m'nyumba zosungiramo zakale monga Victoria and Albert Museum ku London ndi Cooper Hewitt ku New York, ndipo wophunzira zosokasoka angathe kuwaona lero lino. Kwathu mayi amene amapeta nsalu za pamipando ndi za patebulo amasunga maluwa ake m'mutu, ndipo maso akafooka luso limatha naye.

Ndikulakalaka sukulu zathu zophunzitsa ntchito zamanja zitayamba kusonkhanitsa zojambula za amayiwa, n'kulemba ndi maina a eni ake. Ndikulakalakanso mkwati wofuna wesikoti atapita kwa mayi wotere, n'kumulipira mokwanira kuti amupetere maluwa a kwathu, m'malo mongogula yakaunjika.