Katundu wa pa Njinga Akhale M'munsi

Alendo amene amapalasa njinga kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, dera la minda ya mphesa, amadutsa m'minda ya chimanga ya ku Chipata, Katete ndi Petauke asanafike muno mu Lusaka. Zikwama zawo amazipachika m'munsi, mbali zonse ziwiri za gudumu, zolemera mofanana. Katundu akakhala pansi chotero, njinga siyepayepa pokhota kapena potsetsereka.

Ifenso tikamatengera matimati ku msika wa Soweto kuchokera kuno ku Makeni, tisasanjikize mabokosi m'mwamba. Keriyala ya njinga ya Buffalo imapirira makilogalamu 100, koma mulu wautali umagwetsa wokwera, ndipo matimati ophwanyika alibe mtengo. Tigawe katundu pawiri, timange zolimba, tinyamuke dzuwa lisanatenthe.