Mapu Osaopa Mvula

Ntchito yanga ndi yojambula mapu, ndipo anthu amandifunsa kuti pepala n'lachiyani pamene foni ili m'thumba. Ndimawakumbutsa Januwale 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mafoni anathima m'makomo ambiri. Mapu apepala safuna batire, koma amaopa madzi, ndipo mantha amenewa tikhoza kuwathetsa pakhomo pomwe.

Yambani ndi mapu a Dipatimenti ya Surveys a 1:50,000. Pa mapu amenewa masentimita 2 akuimira kilomita imodzi, choncho mtunda wa pakati pa Likuni ndi damu la Kamuzu ku Malingunde mutha kuuyeza ndi kachingwe. Chitani fotokope ya dera lanu lokha. Inki ya fotokope ndi ufa wowotcheredwa papepala, siisungunuka. Ya maprinta ena ndi yamadzi, dontho limodzi mtsinje wa Lilongwe wafufutika.

Kenaka tengani pensulo, pakuti nayonso siiopa chinyezi. Apa ndi pamene mlimi wa ku Mitundu amandiposa ine. Iye amadziwa powolokera pamene pamadzaza msanga, dambo limene ngolo imatitimira mu Febuluwale, mjigo umene suuma, njira yachidule yopita kuchipatala mlatho ukamira. Lembani zonsezi, ndipo muike chizindikiro pa phiri la Bunda, chifukwa limaoneka patali ndipo silisuntha.

Chinsinsi chachikulu n'chakuti mapu amafera popinda. Ulusi wa pepala umathyoka pamenepo, madzi n'kulowa. N'chifukwa chake sindikonda lamineti ya m'tauni pa mapu oyenda nawo: ukaipinda imasweka, chinyezi chikalowa sichituluka. Akatswiri akale ankadula mapu m'zidutswa n'kuzimata pansalu. Chitani chimodzimodzi. Dulani zidutswa zokula ngati chikhatho, muzimate ndi guluu pachitenje chakale, n'kusiya kampata ka mamilimita 3 pakati pake. Chopindika chidzakhala nsalu, osati pepala.

Zikauma, pakani kandulo yoyera ponseponse, yalani pepala loyera pamwamba, musite ndi simbi yofunda pang'ono kuti phula lilowerere. Simbi ikatentha kwambiri imamatula inki. Mukumbukire kuti paphula pensulo siigwiranso, ndiye malizani zolemba zonse musanapake.

Wakabaza wa ku Nathenje apinde mapuwa, awaike m'jumbo ya shuga, amange pansi pa chishalo. Kunyumba asungeni m'chitini chotseka, kutali ndi khoma la dothi, chifukwa chiswe ndi makoswe zimakonda pepala ndi nsalu yomwe.