ZA NTHENDA ZA AMUNA: MALIMWE NDIYO NYENGO YA KUPITA KUCIPATALA

Inu abambo, eni mabanja, mudziwa bwino nchito za malimwe. Cimanga citalowa m'nkhokwe, mlimi wanzeru sakhala pansi cabe. Afolera nyumba, alimbitsa khola, asema mpini watsopano, nasosa munda wace, kuti mvula yoyamba isampeze wosakonzeka. Koma ciripo cipangizo cimodzi cimene ambiri aciiwala, ndico thupi la mwini khasu. Khasu likathyoka mubwereka kwa mnansi; koma mwini munda akagona pamphasa mwezi wa December, adzampalirira ndani? Udzu sulindira wodwala, ndipo nthenda ya mwamuna mmodzi m'dzinja isanduka njala ya banja lonse.

Amuna ambiri abisa nthenda zao, ena cifukwa ca manyazi, ena poyesa kuti kupirira ndiko umuna. Koma akuru anati, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsono tichule nthenda zina zimene zigwira amuna kawiri kawiri, ndi umo ziciritsidwa.

1. Phudzi

Kutupa kwa kumalo obisika kumene anthu akucha phudzi kuli kwa mitundu iwiri. Phudzi loyamba ndi la madzi: madzi asonkhana m'thumba pang'ono pang'ono, osapweteka kwambiri, kufikira munthu alephera kuyenda bwino ndi kuwerama pamzere. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje ambiri analitenga ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu. M'caka ca 2020 bungwe la WHO linabvomereza kuti Malawi wagonjetsa nthenda ya tinyongolotsi timeneti. Koma iwo amene anatupa kale sacira ndi mankhwala akumwa. Acira pokhapokha dotolo atawacita opareshoni.

Phudzi laciwiri ndi la matumbo. Mnofu wa pansi pa mimba ukafooka, thumbo lipeza mpata nilitsikira m'mphecepece mwa nchafu. Cotupaco cioneka pamene munthu aimirira, atsokomola, kapena asenza thumba la makilogramu 50, ndipo cibwerera akagona cagada. Mphini ndi zitsamba sizitseka mpata umenewo, monganso nkhokwe yobooka siitsekeka ndi kuiwaza phulusa. Mpatawo ufuna kusokedwa. Nchito imeneyi madotolo a zipatala za m'maboma aizolowera. Atacitidwa opareshoni, munthu ayenera kukhala masabata 4 kufikira 6 osanyamula zolemera. Cifukwa cace wopita mu July kapena mu August agwiranso khasu lace mu November. Wolindira kufikira dzinja ataya cakudya ca caka cathunthu.

Koma cenjerani ndi ici: cotupa cikauma, cikayamba kupweteka kolimba, cikakana kubwerera, ndipo munthuyo asanza, thumbo lakanirira ndipo liri pafupi kuola. Musalindire kuti kuce. Mtengereni kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale pangolo.

2. Likodzo

Asodzi, olima mpunga, ndi othirira m'madimba ndiwo agwidwa koposa, pakuti tizirombo tace tituruka m'nkhono za m'madzi odikha nitilowa pakhungu. Cizindikiro cace ndi magazi pa kutha kwa mkodzo. Ena ayesa kuti magazi amenewa asonyeza kuti mnyamata wakula. Si zoona iai. Likodzo losaciritsidwa liononga cikhodzodzo ndi impso, ndipo patapita zaka likhoza kubala khansa. Mankhwala ace ndi praziquantel, amene amwedwa tsiku limodzi, munthu atadya. Wobwerera m'madzi omwewo alitenganso; cifukwa cace kumbani cimbudzi pafupi ndi dimba, ndipo munthu asakodze m'madzi.

3. Cifuwa cacikuru

Nthenda iyi igwira amuna koposa akazi, makamaka iwo amene anagwira nchito m'migodi ya ku Joni, ndi osuta fodya. Kacirombo kace anakapeza Robert Koch m'caka ca 1882, ndipo kayenda ndi mpweya wa wotsokomola. Mukatsokomola masabata 2, nimuonda, nimuturuka thukuta usiku, pitani mukayezetse makhololo. Muyezetsenso magazi kuti mudziwe za HIV, popeza nthenda ziwirizi ziyenda pamodzi. Mankhwala ace apatsidwa kwaulere m'zipatala za boma, ndipo amwedwa miyezi 6. Wowaleka pakati pomva kuti wapeza bwino afanana ndi mlimi wopalira theka la munda: udzu wotsalawo ubwera ndi mphamvu yoposa.

4. Nthenda za amuna acikulire

Kuthamanga kwa magazi kufanana ndi ciswe m'mzati: kunja mzati uoneka wolimba, kufikira tsiku limene denga ligwa. Munthu samva kanthu, koma tsiku lina afa ziwalo mbali imodzi. Kuyeza kwace ndi kwa kamphindi, pamkono. Muyeso ukafika 140 pa 90 kapena kuposa, masiku osiyana, munthu afuna cithandizo. Cepetsani mcere, usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi pa tsiku, lekani fodya, ndipo mukapatsidwa mankhwala, imwani masiku onse.

Amuna opitirira zaka 50 ambiri adzuka kawiri kapena katatu usiku, koma mkodzo uturuka modontha. Pansi pa cikhodzodzo pali kaciwalo kamene madotolo akacha prostate, kamene kakula ndi ukalamba nikafinya njira ya mkodzo. Mankhwala alipo, opareshoni iriponso. Ndipo nkofunika kuyezetsa, popeza nthawi zina khansa iyamba pomwepo. Mkodzo ukatsekeka konse, pitani tsiku lomwelo.

5. Kubvutika maganizo

Iyi ndiyo nthenda imene amuna aibisa koposa zonse. Taonani munthu amene fodya wace wagulidwa pa mtengo wocepa, ngongole ya feteleza imlindira, ana abwezedwa kusukulu, ndipo kunyumba kulibe mtendere. Kudandaula masiku owerengeka nkwa munthu ali yense. Koma cisoni cikakhala masabata 2 kapena kuposa, tulo tasowa, nsima siilowa, munda sumkondweretsanso, aleka kupita kubwalo ndi kumaliro, nadziyesa wopanda pace, pamenepo ndi nthenda, yofanana ndi malungo kapena cifuwa. Si ulesi, ndipo si kulodzedwa.

Mwa amuna nthenda iyi ibisala kawiri kawiri m'mkwiyo ndi m'kacasu. Mowa ugonetsa bvuto usiku umodzi, nuliutsa m'mawa litakula. Uononganso ciwindi, nutha ndarama za mbeu. Amene wazolowera kumwa kwambiri masiku onse afunse cithandizo ca kucipatala pofuna kuleka, pakuti kuleka mwadzidzidzi kukhoza kumnjenjemeretsa ndi kumgwetsa ngati wakhunyu.

Mwa anthu odzipha m'Malawi ocuruka ndi amuna. Cifukwa cace mbale wanu akanena mau onga akuti, "Bwenzi nditangofa," kapena akayamba kugawa katundu wace popanda cifukwa, musaseke ndipo musamdzudzule. Khalani naye pansi, mumfunse poyera ngati aganiza za kudzipha; kufunsa sikumpatsa maganizowo, koma kumtsegulira khomo la kulankhula. Musamsiye yekha, ndipo mumperekeze kucipatala. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ophunzira za nthenda za maganizo. Ciriponso Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Mzuzu. Ndi uphungu ndi mankhwala anthu ambiri acira, nabwerera ku minda yao.

Pano pali udindo wa mlimi ali yense. Mankhwala opopera thonje ndi ndiwo za m'dimba, ndi ophera makoswe, ndiwo amene ambiri amwa pa ora la kutaya mtima. Ora limenelo lipita, ndipo poizoni akakhala patali munthu apulumuka. Gulani oyenera nyengo imodzi okha, muwasunge m'bokosi lokhoma, kunja kwa nyumba yogona. Wina akawamwa, musacedwe ndi kumsanzitsa kapena kummwetsa mkaka. Thamangani naye kucipatala, mutatenga botolo lace.

Mau otsiriza

Tsono caka cino, pokonza nchito za malimwe, muikepo tsiku limodzi la kucipatala cisanafike cizimalupsa. Patulani ndarama ya ulendo pa zimene mwagulitsa, isanathere pa zina. Muuze mai a kunyumba cimene cikubvutani, pakuti iwo ndiwo adzasenza katundu mukagona. Ndipo ngati mnansi wanu aopa kupita yekha, nyamukani naye pamodzi. Mutu umodzi susenza denga.