Makina a gemu akaunjika: mtengo weniweni uli m'kati

M'matauni ndi m'misika yambiri timashopu toseweretsa magemu tasanduka geni yodalirika. Achinyamata amalipira kuti amenye mpira pa PlayStation, mwini shopu n'kumawerenga ndalama madzulo. Makina ambiri a m'malo amenewa ndi akaunjika, ndipo woodayo kawirikawiri amangoyang'ana kuwala kwa chikuto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: makina osalala kunja angathe kumeza mpamba wonse pasanathe mwezi. Wamalonda amene akudziwa zimene zili m'katimo amadziwanso vuto loyenera kunenerera mtengo ndi vuto loyenera kulithawa.

Chipu, fani ndi kutentha

Pakati pa makinawo pali bolodi lalikulu, ndipo pabolodipo pali chipu chimodzi chimene chimawerengera zonse komanso kujambula zithunzi zooneka pa TV. PlayStation 4, yomwe idatuluka mu 2013, PlayStation 5 ndi Xbox Series X za mu 2020, zonsezi zimagwiritsa ntchito chipu cha kampani ya AMD. Pambali pake pali memori: 8GB pa PS4, 16GB pa PS5 ndi Series X. Chipu ndi memori n'zowotcherera pabolodi. Zikafa, okonza ambiri sazikwanitsa, ndipo makinawo amangotsala ophwasula kuti agulitsidwe zipangizo.

Mdani wamkulu wa chipu ndi kutentha. Pamwamba pake pali chitsulo chokoka kutenthako, ndipo fani imapemerera mpweya kuti kutuluke. Pa PS4, pakati pa chipu ndi chitsulocho pamapakidwa phala lotuwa limene limauma zaka zikamapita. Fumbi nalo limatseka njira za mpweya. N'chifukwa chake PS4 yakale imalira ngati ndege. Vuto limeneli ndi lotchipa: kutsuka ndi kupaka phala latsopano kumathetsa phokoso nthawi zambiri. PS5 ndi yosiyana, chifukwa m'malo mwa phala idaikidwa chitsulo chamadzimadzi. Chitsulochi chimadutsa magetsi, choncho chikadonthera pabolodi chingathe kuliwononga. PS5 si yopatsa aliyense wokhala ndi sikuludiraiva kuti aitsegule.

Mosungira magemu

PS4 yoyamba idabwera ndi hard drive ya 500GB, yofanana ndi ya mu laputopu. Ikayamba kuchedwa kapena kuzizira pakati pa gemu, imachotsedwa n'kuikamo ina, kenaka pulogalamu yoyendetsa makinawo imalowetsedwa kudzera pa flash. Limenelinso ndi vuto lonenerera mtengo. PS5 yoyamba ili ndi SSD ya 825GB yowotcherera pabolodi. Ili ndi malo oonjezera SSD ina ya mtundu wa M.2, koma yam'katiyo ikafa, yoonjezerayo siipulumutsa makinawo.

Wooda asamalirenso polowetsa chimbale. Xbox Series S ndi PS5 Digital Edition zilibe malo amenewa, magemu ake ndi okopera pa intaneti basi. Gemu imodzi ikuluikulu imatha kupitirira 50GB, ndipo mtengo wa bandulo ungathe kudya kusiyana konse kwa mtengo kumene kudakopa wogula. Pa PS4 zoyambirira ndi PS5 yoyamba, kabolodi ka chipangizo chowerenga chimbale kadamangidwa ku bolodi lalikulu la makina omwewo, motero kuzula cha makina ena n'kungoikamo sikuthandiza.

Magetsi, mphemvu ndi pobaya waya

Bokosi losintha magetsi lili m'kati momwemo, ndipo la PS5 yoyamba ya chimbale ndi la mawati 350. Ndilo limayamba kupsa magetsi akabwera mwamphamvu atathima. Limasinthika, koma chotetezera magetsi cha pasoketi n'chotsika mtengo kuposa bokosilo. Magetsi a m'Malawi ndi a mavoti 230, pamene ku America ndi ku Japan ndi otsika, choncho wooda awerenge kaye zolembedwa pamakinawo asanalumikize. Mphemvu zimakonda malo ofunda a m'bokosili ndipo zimalipseretsa. Timadontho takuda pa timawindo ta mpweya ndi chizindikiro choti zidakhalamo.

Pobaya waya wa HDMI pali timano ting'onoting'ono timene timapindika waya akamakokedwa kawirikawiri. Makina amayaka bwinobwino koma TV osaonetsa kanthu. Wodziwa kuwotcherera amakonza, koma ndalama yake ichotsedwe pa mtengo wogulira.

M'kati mwa kontirola

M'shopu ya gemu, chimene chimatha msanga ndi kontirola. Pansi pa kandodo kalikonse koyendetsera osewera pali tizipangizo tiwiri, kena koyeza kupita kutsogolo ndi kumbuyo, kena kumanja ndi kumanzere. M'kati mwake kachitsulo kamakhula pa kanjira ka kaboni. Kanjirako kakaperepeseka kapena fumbi likalowa, wosewera wa mugemu amayamba kuyenda yekha munthu asanakhudze. Kasitomala amene wagoletsedwa chigoli chifukwa cha zimenezi sabweranso mawa. Pamsika pakupezekanso timandodo ta Hall effect, toyeza ndi maginito popanda kukhulana, ndipo okonza ena amaika timeneti m'malo mwa takale.

Pansi pa mabatani pali labala yokhala ndi kadontho kakuda kamene kamalumikiza magetsi batani likadinidwa. Labalayi ikang'ambika, batani limafuna kukanikiza mwamphamvu, koma kusintha kwake n'kosavuta. Kontirola ya PS4, DualShock 4, ili ndi batire la 1000mAh ndipo imatchajidwa ndi waya wa micro-USB. Ya PS5, DualSense, ili ndi la 1560mAh ndi USB-C, komanso mabatani ake akumbuyo a L2 ndi R2 ali ndi timota ndi magiya, zomwe zikutanthauza tinthu tambiri totha kuthyoka. Ya Xbox imagwiritsa ntchito mabatire awiri a AA.

Makontirola achinyengo ndi ochuluka. Sikelo ya pabenchi ingathandize: DualShock 4 yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 210, DualSense pafupifupi 280. Yopepuka kwambiri ndi yokayikitsa, ngakhale kuti kulemera kokha si umboni wokwanira. Wogulitsa adziwenso kuti DualSense siisewera pa PS4, ndipo DualShock 4 pa PS5 imagwira pa magemu a PS4 okha. Kusauza kasitomala zimenezi ndi kuitana katundu wobwezedwa.

Ndalama isanatuluke m'thumba

Makina ayatsidwe pamaso pa wogula, aikidwe gemu yolemera kwa mphindi 30, osati kungoonetsa chithunzi choyamba. Fani imvetseredwe, chimbale chilowe ndi kutuluka, waya wa HDMI agwedezedwe pang'ono kuti aone ngati chithunzi chikuthima. Masikuluu okalika ndi timapepala tomata tong'ambika zimasonyeza kuti makinawo adatsegulidwapo, ndipo wogulitsa afotokoze chifukwa chake. Ngati pali intaneti, ayesedwe kulowa pa PlayStation Network, poti Sony imatha kuletsa makina ena kulowako. Kontirola iikidwe pansi osakhudzidwa, aone ngati chilipo chikuyenda chokha.

Fumbi, hard drive ya PS4, labala, batire ndi timandodo ndi zifukwa zotsitsira mtengo, ndipo wamalonda amene ali ndi wokonza wodalirika angapezepo phindu. Koma makina ozima okha pakati pa gemu, oonetsa mizere ndi timabokosi pachithunzi, kapena oyaka n'kuthima nthawi yomweyo, vuto lake lingakhale pa bolodi lalikulu. Amenewo agulidwe pa mtengo wa zipangizo zophwasula, apo ayi asiyidwe kwa mwini wake.