Wogula malo akamaopseza kuti mumubwezere ndalama, lamulo likuti chiyani?

M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zimachitika kuti munthu wagulitsa puloti kapena nyumba, ndalama walandira, koma patapita miyezi wogula uja n'kusintha maganizo. Amayamba kuimba foni usiku, kutumiza mauthenga oopseza pa WhatsApp, mwinanso kubwera ndi anyamata pakhomo. Ambiri amabweza ndalamazo chifukwa cha mantha, osadziwa kuti apa pali nkhani ziwiri zosiyana: kuopseza, komwe ndi mlandu wa kupolisi, ndi kubweza ndalama, komwe amagamula ndi khoti.

Kuopseza munthu kuti achite chinthu chomwe lamulo silikumukakamiza ndi mlandu pansi pa Penal Code. Ngati ziopsezozo zikubwera pafoni kapena pa intaneti, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limagwiranso ntchito. Choncho musafufute uthenga uliwonse. Lembani tsiku, nthawi ndi mboni zomwe zinalipo, kenako mukadandaule kupolisi. Akapitiriza, loya angakupemphereni chiletso kukhoti kuti munthuyo asakuyandikireni.

Nthawi zina wogula ndiye amathamangira kupolisi kuti wogulitsa atsekeredwe mpaka atabweza. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kuika munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano, ndipo apolisi si otolera ngongole. Wapolisi akakukakamizani kusayina kuti mubweza, mungadandaule ku Independent Complaints Commission. Komabe chitetezochi sichiphimba wakuba. Amene wagulitsa malo omwe si ake, kapena puloti imodzi kwa anthu awiri, angaimbidwe mlandu wolandira ndalama mwachinyengo, ndipo ameneyo ndi wa apolisi ndithu.

Nanga ndalamazo zibwezedwe? Yankho lili m'kalata ya mgwirizano. Ngati munali ndi umwini weniweni, simunaname za malowo ndipo mwachita zonse zomwe munalonjeza, kusintha maganizo kwa wogula sikokwanira kuthetsa malonda. Ngati sanamalize kulipira, inuyo ndinu amene mungamusumire kuti amalize kapena akulipireni chipepeso pa zomwe mwataya. Zinthu zimatembenuka pamene umwini sungasinthidwe, mwachitsanzo ngati malowo ali pa lizi ndipo chilolezo cha unduna wa zamalo, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation sichinapezeke, kapenanso ngati ndi chuma cha masiye chomwe wogulitsa analibe mphamvu zochigulitsa. Apo wogula ali ndi mfundo, ngakhale kuti alibe ufulu woopseza.

Vuto lalikulu ndi loti malonda ambiri odzera mwa madobadoba amathera pakamwa kapena pa kapepala kopanda tsatanetsatane. Zikatero, malisiti a kubanki, mauthenga a pafoni ndi mboni ndizo zimakuyankhulirani.

Mkangano wokhudza umwini wa malo nthawi zambiri umapita kukhoti lalikulu, komwe malamulo a 2017 amafuna kuti mbali ziwirizi ziyambe zakambirana pamaso pa mkhalapakati. Osakwanitsa kulipira loya angapite ku Legal Aid Bureau.

Mukasankha kubweza kuti nkhani ithe, musapereke ndalama pamanja. Pakhale kalata yothetsa malonda yosayinidwa ndi nonse awiri pamaso pa loya, yonena kuti wogula wachoka pamalopo, wabweza mapepala onse ndipo sadzafunanso kanthu, kenako ndalamazo zidzere kubanki.